Manja a Nazenera

Anthu a mumsewu umenewo ankamudziwa manja okha. Ukafuna kiyi wina wa chitseko chako, unkapita pashopu ya a Maloko, pakati pa nyumba yometera ndi sitolo ya mankhwala, n'kugogoda pakazenera kachitsulo. Kazenerako kankatseguka pang'ono, dzanja n'kutuluka, n'kulandira kiyi wako. Mkatimo makina ankalira kanthawi, tupa n'kupitamo kawiri katatu, kenako dzanja lomwe lija n'kubwera ndi makiyi awiri, watsopanoyo akadali wofunda. Koma nkhope ayi. Pamwamba pa kazenerako panali galasi losaonetsa mkati, ndipo wachidwi akawerama kuti asuzumire ankangoona epuloni. Ana anamupatsa dzina loti Nazenera, akuluakulu n'kulitola, mpaka mwini wakeyo anayamba kuvomera akamuitana choncho.

Dzanja lake lamanzere linali ndi zala ziwiri zopindika, ndi chipsera choyera chodutsa pa zonse ziwiri. Anthu ankati anadzicheka ndi makina. Palibe anafunsa, iyenso sanatsutse.

Zaka makumi awiri ndi chimodzi zinali zitatha Nazenera asanaponde msewu. Dziko lake linali shopu, kanjira kam'kati komwe ankaimikamo njinga, masitepe, ndi zipinda ziwiri pamwamba. Miyendo yake anali amuna ake. A Maloko ndiwo ankagula buledi, kukatenga mankhwala, kupita kumaliro a anthu, ngakhale kusankha nsapato za mkazi yemwe sankapita kulikonse. Tsiku lonse ankazungulira panjinga ndi bokosi la zida, kutsegulira anthu otaya makiyi, ndipo pobwera ankasenza nkhani za tauni yonse, zina zokometsera dala kuti mkazi wawo aseke. Ndipo padziko lonse lapansi, munthu mmodzi yekha amene ankatha kuima kumbuyo kwa Nazenera, iye osatembenuka, anali a Maloko. Chuma chake chonse chinali chimenecho, analibe china.

Chifukwa chake chinali m'manyuzipepala akale. Mkati mwa zaka ziwiri, azimayi asanu ndi mmodzi okhala okha anapezeka atafa m'nyumba zawo, masanasana dzuwa likuswa mtengo, aliyense ali ndi chingwe m'khosi. Chitseko chosathyoledwa, zenera losasweka. Atolankhani, omwe sasowa dzina lopatsa tsoka la mnzawo, anamutcha Wosagogoda. Wachisanu ndi chiwiri anali Nazenera, pa nthawiyo mtsikana wogwira ntchito kochapira zovala. Tsiku limenelo anaweruka msanga chifukwa cha mutu. Akutsuka kapu pasinki, anangoona chingwe chikumudutsa pamaso kuchokera kumbuyo. Dzanja linathamangira lokha kukhosi, zala ziwiri n'kulowa kunsi kwa chingwecho. Zala zimenezo, pamodzi ndi munthu wowerenga mita ya madzi yemwe anagogoda pakhomo nthawi yomweyo, ndi zomwe zinamupulumutsa. Anatsitsimukira kuchipatala. Apolisi anabisa dzina lake, m'manyuzi anangokhala "mboni". Wosagogoda sanaphenso munthu, komanso sanagwidwe.

Nkhani yopanda mathero ndi munda wa anthu opanga mafilimu, amaulima chaka ndi chaka osaguga. Mafilimu atatu anali atatuluka kale, ndipo ukaona imodzi waona onse: kanyimbo kachisoni, chitseko chotseguka chokha, zithunzi za azimayi asanu ndi mmodzi aja akumwetulira, ndi wapolisi wopuma pantchito yemwe ankakalambira pa TV, filimu iyi ali ndi imvi, yotsatira ali ndi dazi, koma mawu ake ali omwewo, akuti tinatsala pang'ono. Katatu konse anthu amenewa analembera Nazenera kudzera kupolisi, katatu konse iye anakana. Koma kuonera ankaonera, mobwerezabwereza, ngati munthu wokanda chilonda. Ankaimitsa chithunzi cha khamu la anthu panja pa nyumba ya mmodzi wa omwalirawo, n'kumayang'ana amuna mmodzimmodzi, osadziwa n'komwe chomwe akufuna kuona.

Kalata yachinayi inabwera nthawi yoipa. A Maloko anali atagwa panjinga n'kuvulala bondo, n'kugona masabata atatu. Tsiku lomwe buledi ndi mankhwala zinatha, Nazenera anavala nsapato zija, n'kutsika, n'kugwira chogwirira cha chitseko chakumsewu. Anaima pamenepo kuyambira m'mawa mpaka masana, thukuta lili kamukamu. Sitolo ya mankhwala inali khomo lotsatira, koma analephera. Anachita kuitana mkazi wa wometa pakazenera kuti amuthandize.

Choncho kalatayo sanaing'ambe. Anaiwerengera amuna ake.

"Asiyeni amenewo, mayi," anatero a Maloko, mwendo uli pampando. "Amadya misozi ya anzawo."

"Nanga mukadzagwanso? Mukadzagwa osadzuka? Ndidzafera muno ngati khoswe m'chitini."

"Ndiye filimuyo izidzakugulirani buledi?"

"Mlandu suwola, bambo. Wina akaonera akhoza kukumbukira kanthu. Akamugwira ndidzatuluka. Ndikufuna kutuluka, ndatopa."

"Nanga ngati anafa kalekale?"

"Andiuze komwe kuli manda ake."

A Maloko anasisita bondo lawo kanthawi. Sanali munthu wokakamira mawu. "Chabwino," anatero. "Koma muwauze ajambule mbali yanga yabwino."

"Inu sakukufunani."

"Ndiye filimu yake ya chiyani?"

Anthu a filimu anafika atatu, Lachitatu m'mawa, ndi zikwama ngati akusamuka. Mtsogoleri wawo anali mtsikana waulemu, wolankhula pansipansi, amene ankati "amayi" m'chiganizo chilichonse. Naye kunali wakamera, ndi wina wojambula mawu atavala zam'makutu. Mtsikanayo analonjeza zinthu zinayi, n'kuziwerenga pazala: nkhope idzakhala mumdima, mawu adzasinthidwa, dzina silidzatchulidwa, msewu sudzaoneka. Ndipo tisamunamizire, zinayi zonsezo anazisunga.

Anamukhazika m'shopu momwemo, n'kuphimba mashelefu ndi nsalu yakuda. Wamawu uja anafuna kuima kumbuyo kwa mpando ndi ndodo yake ya maikolofoni. Nazenera ananyamuka ngati wakhalira moto.

"Kumbuyo ayi," anatero a Maloko mofatsa. "Bwerani uku, achimwene."

Mafunso anatenga maola awiri. Ambiri anali osavuta, a tsiku ndi nthawi ndi mtundu wa chingwe. Kenako mtsikanayo anasendeza mpando wake pafupi.

"Nkhope yake munaiona, amayi?"

"Ayi."

"Mawu?"

"Sanalankhule."

"Fungo? Kutalika kwake? Kalikonse."

"Ndinkamva sopo wanga wotsukira mbale. Anali kumbuyo, mwanangu. Sindinaone kanthu."

Atamaliza, a Maloko anatuluka motsimphina kukagulira alendo zakumwa. M'pamene wakamera anayamba kuzungulirazungulira m'shopumo, maso ali pamakina.

"Amayi, tikusowa tizithunzi todzazira," anatero. "Munthu sangayang'ane mdima mphindi khumi, amasintha tchanelo. Timajambula manja akugwira kanthu, kapu, nsalu, chilichonse. Mungatidulireko kiyi mmodzi? Manja okha. Manja sadziwika."

Kwa anthu a mafilimu zimenezi n'zoona. Iwo anaphunzitsidwa kuti munthu ndi nkhope, ukaibisa wabisa munthu, ndipo manja a mboni amawajambula mufilimu iliyonse popanda vuto. Woyenera kuwatsutsa anali Nazenera. Koma munthu sadziwa chomwe anzake amamudziwira. Iye manja ake ankawaona kuchokera mkati, ndipo zaka zonsezo ankadziyesa wosaoneka. Komanso, tinene zoona, maola awiri anali atamufunsa za tsiku lomwe analibe mphamvu, ndiye pano wina ankafuna kuona chomwe amachidziwa bwino. Anamanga epuloni. Anamangirira kiyi wakale mbali iyi, wosadula mbali iyo, n'kuyatsa makina, fumbi la mkuwa likugwera pazala zopindika zija.

"Eya, pamenepo," anatero wakamera. "Koma ndiye kukongola. Tibwerezenso."

Anadula makiyi anayi. Tsiku limenelo anagona mtima uli m'malo.

Filimuyo inatuluka patatha miyezi itatu, Lamlungu masana. Anaionera pamwamba paja, tiyi ali patebulo. Kanyimbo kanali komweko, wapolisi uja tsopano anali ndi ndodo. Kenako panabwera chinthu chakuda chokhala pampando, chikulankhula ndi mawu ngati a chule wam'chitsime. A Maloko anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinakwatira zimenezi ine?"

Nazenera nayenso anaseka, n'kuwamenya paphewa. Akadali kupukuta misozi ya chiseko, mawu a wofotokoza nkhani anabwera, olemera, osathamanga. "Wosagogoda sanathyolepo chitseko ngakhale chimodzi. Kodi ankalowa bwanji? Kodi anali ndi kiyi?" Ndipo pamawu amenewo, TV yonse inadzaza ndi manja awiri akudula kiyi, lamanzerelo lili ndi zala ziwiri zopindika ndi chipsera choyera. Amene analumikiza zithunzizo, kwinakwake muofesi yozizira, anangoona kuti mawu akunena kiyi, chithunzi cha kiyi chilipo, n'kuziphatikiza. Mwina anadziyamikira n'kudziyamikira.

A Maloko anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono.

Lolemba m'mawa woyamba kugogoda anali wometa, munthu amene pakamwa pake sipankatsekedwa ngakhale tsiku la tchuthi. Sanabweretse kiyi.

"Mayi," ananong'ona mokweza, "tinakuonanitu dzulo. Zaka zonsezi osatiuza? Ife kumati makina."

"Mwasokoneza ndi wina," anatero Nazenera.

"Aa, mayi. Manja amenewo andidulira makiyi kangati?"

Pofika masana msewu wonse unkadziwa, pofika Lachisanu dziko lonse. Kunayamba kubwera anthu achilendo, mafoni ali m'manja, ena ndi makiyi oti sakuwafuna n'komwe, kungoti dzanja lituluke alijambule. Nazenera anayamba kuvala magolovesi, koma zala zopindika sizibisika m'golovesi. Dzanja lililonse lachimuna lolowa pakazenera ankaliyang'ana mtima uli m'mwamba, poti tsopano Wosagogoda, ngati anali moyo ndipo anali ndi TV, ankadziwa pogogoda. Iye ankaganiza kuti tsoka lake ndi limeneli, ndipo anakonzeka kulipirira. Walira mvula walira matope. Sankadziwa kuti matope enieni anali m'njira.

Pa intaneti pali mtundu wa anthu omwe sanagwirepo ngakhale wakuba nkhuku, koma ukawapatsa filimu ya ola limodzi amakuthetsera mlandu womwe unagonjetsa apolisi zaka makumi awiri. Anthu amenewa anakhala pansi n'kuyamba kuwerengera. Mboni imadula makiyi. Shopu ndi ya mwamuna wake. Mwamunayo ntchito yake ndi kutsegula zitseko popanda kuthyola. Wina anafukula kapepala kakale kotsatsa malonda, kosonyeza kuti a Maloko ali mnyamata ankagwira ntchito dera lomwelo komwe kunkakhala atatu mwa azimayi aja. Wina anakapeza mwini nyumba wakale wa Nazenera, nkhalamba yosangalala kuti yapeza womvetsera, n'kufotokoza momwe awiriwo anadziwirana: mtsikanayo atatuluka m'chipatala, kunabwera mnyamata kudzasintha maloko, n'kubweranso kudzaona ngati akugwira bwino, n'kubweranso, chaka chisanathe n'kumukwatira. Ndipo chaka chomwecho kupha anthu kuja kunasiya.

Wometa ndiye ankabweretsa zonsezi pakazenera, akuwerenga pafoni yake, amvekere ndikukuuzani monga mnansi.

"Tamverani uyu. Akuti, 'Sanamumalize ndi chingwe, ndiye anamumaliza ndi ukwati. Mboni yake anaitsekera m'khola, makiyi ali m'thumba mwake.' Anthu alibe chisoni, mayi. Ine ndawayankha kuti a Maloko ndimawameta ndekha."

Nazenera anatseka kazenera pamphuno pake. Anapsa mtima kwambiri. Anthu osamudziwa, okhala m'mabedi awo ndi mafoni, angatenge bwanji chinthu chokhacho chabwino chomwe chinamuchitikira n'kuchitembenuza ngati sokosi? Mnyamata uja anabwera kachitatu chifukwa anamupeza atatsekera chitseko ndi kabati. Anakhala panja, pansi, n'kumamufotokozera kudzera pachitseko momwe loko amagwirira ntchito mpaka iye anasiya kulira. Zimenezo pa intaneti panalibe.

A Maloko poyamba ankaseka. "Ndatchuka ndili nkhalamba," ankatero, n'kukwera njinga. Koma mafoni oitana anayamba kuchepa. Tsiku lina anabwerako isanakwane n'komwe nthawi ya tiyi, n'kukhala pamasitepe, bokosi lili pamiyendo.

"Mayi wina anadzitsekera panja, mwana ali m'nyumba," anatero. "Aneba ake ndiwo anandiimbira. Atangoona kuti ndine, anagwira khasu. Akuti bola athyole chitseko." Anatsegula bokosi n'kulitsekanso. "Loko wake ndinamuikira ndine, chaka chatha."

Sabata yotsatira wina anawaponyera botolo pamsika. Kenako m'mawa wina anapeza chitseko cha shopu chitalembedwa ndi penti wofiira, WOSAGOGODA. Anachikwecha okha, anthu ataima tsidya lina la msewu akujambula. Apolisi anati iwo alibe mlandu ndi a Maloko, anawafunsa kale nthawi imene ija monga anafunsira aliyense wodziwa za maloko m'tauni, koma pakamwa pa anthu sangaikepo wapolisi. Kuyambira tsiku limenelo njinga inakhala m'kanjira kaja, matayala akuphwa. Buledi ankabwera ndi mkazi wa wometa, kudzera pakazenera. Nyumba yomwe inali ndi mkaidi mmodzi tsopano inali ndi awiri, ndipo wachiwiriyo sanazolowere. Ankayendayenda, kukwera, kutsika, kupukuta zida zoyera kale, kuima pazenera lapamwamba kuseri kwa katani.

"Ndine ndachititsa," anatero Nazenera tsiku lina.

"Munkafuna kutuluka. Si mlandu umenewo."

Mtsikana wa filimu anabweranso yekha, opanda zikwama, maso ali ofiira. Anakhala m'shopu pampando womwe uja, manja ali pakati pa mawondo. A Maloko anamupatsa moni n'kukwera pamwamba, amvekere ndikaike madzi a tiyi.

"Amayi, ndalakwa," anatero. "Sitinaganize. Tachotsa chithunzi chija, koma anthu anachikopera kale. Ndikufuna kukonza. Akuluakulu avomera kuti tipange gawo lachiwiri, poti loyambali laonedwa kwambiri. Mudzakhale pakamera, munene nokha kuti si iwo."

"Si iwo."

"Ndikukhulupirira, amayi. Koma anthu adzafunsa, ndiye bola ndikufunseni ine tikonzekere. Mukudziwa bwanji?"

"Ndi amuna anga. Ndakhala nawo zaka zoposa makumi awiri."

"Zimenezo adzati ndi chikondi. Akufuna chogwirika. Mu gawo loyamba munati nkhope simunaione, mawu simunawamve, kutalika simukudziwa. Ndiye chilipo chomwe munganene, chimodzi chokha, choti chinali pa munthu uja koma pa bambowa palibe?"

Nazenera anatsegula pakamwa. Anabwerera kusinki kuja, monga ankabwererako tsiku ndi tsiku, n'kufufuza paliponse. Kapu. Thovu la sopo. Chingwe. Kulemera kwa munthu pamsana. Anafunafuna dzanja laubweya, wotchi, nsapato, chifuwa chokhosomola, kalikonse koti akaponye pamaso pa mtsikanayu. Munalibe. Kumbuyo kwake tsiku lija kunali malo opanda kanthu, oti mwamuna aliyense wa m'dziko angakwanemo.

Chete ameneyo sanatalike, mwina kupuma katatu. Koma ali mkati mwake, anamva supuni ikugunda kapu. A Maloko anali ataima pakati pa masitepe ndi thireyi. Anatsika, n'kuika tiyi pabenchi, n'kufunsa mlendo kuti amathira shuga wochuluka bwanji.

Gawo lachiwiri Nazenera analikana. Koma funso lija mtsikanayo sanapite nalo, linatsala m'nyumba.

Sikuti ankakhulupirira. Akadzifunsa molunjika, yankho linkabwera msanga, ndi mkwiyo: si iwo. Munthu amene amatulutsa kangaude panja ndi kapu m'malo momupha, munthu amene analira galu wa aneba atagundidwa. Koma maganizo ena sabwera molunjika, amalowera kumbali ngati mphepo yapansi pa chitseko. Akudula buledi, ankangopezeka akudzifunsa kuti kodi mwini nyumba uja ndiye anaitana wamaloko, kapena wamalokoyo anabwera yekha? Sankakumbukira. Akupesa tsitsi, ankadzifunsa kuti bwanji zaka zonsezi amuna ake sanamukakamizepo kutuluka, ngakhale kamodzi? Dzulo lake lomwe akanayankha kuti n'chifukwa cha chifundo. Ankadzida chifukwa cha maganizo amenewa, ankadzitukwana, ankapita kukawagwira dzanja amuna ake popanda chifukwa. A Maloko ankalola dzanjalo, koma nthabwala zinali zitatha.

Zinachitika Loweruka m'mawa. Nazenera anali pasinki. A Maloko analowa kukhitchini ali ndi masokosi okha, n'kutambasula dzanja pamwamba pa phewa lake kuti atenge kapu pashelefu, monga anachitira masiku osawerengeka. Thupi la Nazenera silinamufunse. Anatembenuka, msana n'kugunda sinki, mbale n'kusweka pansi, dzanja lamanzere lili pakhosi.

Anayang'anana. Dzanja la a Maloko linali likadali m'mwamba.

"Mwandidzidzimutsa chabe," anatero iye. "Sindinakumveni. Masokosiwo."

"Inde," anatero a Maloko. "Masokosi."

Anatenga tsache n'kusesa zidutswa za mbale, mosamala, mpaka pansi pa kabati. Masiku otsatira anayamba kuvala nsapato m'nyumba. Ankakhosomola dala asanalowe m'chipinda. Akafuna kudutsa, ankazungulira kutsogolo, m'khitchini moti anthu awiri sangapatukirane. Nazenera ankaziona zonsezi ndipo zinkamupweteka kuposa penti wofiira uja. Ankafuna kuwauza kuti siyani, imani kumbuyo kwanga tsiku lonse ngati mukufuna. Koma tulo tinali titamuthawa, zakudya sizinkalowa, ndipo mapewa ake ankakhala okwera mpaka m'makutu. A Maloko si akhungu.

Lachinayi, dzuwa litakwera, anamva kulira kwa chobowolera pamwamba. Anasiya makina n'kukwera. A Maloko anali atagwada pakhomo la chipinda chogona, mbali yam'kati, bondo lovulala lija lili pakapilo, zomangira zili pakamwa. Pachitseko anali atamangapo kampiringidzo kachitsulo, kokoka ndi dzanja, kamtundu wotchipa komwe anthu amaika pachimbudzi. Bulangeti lawo ndi pilo zinali zitapindidwa bwino pamwamba pa masitepe.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

Anamaliza kumanga kaye, n'kulavulira zomangira zotsala m'dzanja.

"Ndinaganiza zoika loko," anatero. "Ndili nawo abwino pansipa. Koma loko aliyense ndimatsegula, inu mukudziwa. Mukanamagona mukudziwa zimenezo. Aka kalibe kiyi, kalibe bowo. Wakunja alibe chochita nako, kaya ndi ndani."

"Sindikukafuna. Chotsani."

"Simunagone masabata atatu, mayi."

"Ndikudziwa kuti si inu. Mukundimva? Ndikudziwa."

"Ndikumva." Anagwira chitseko n'kudzikoka kuti aime, nkhope itakwinyika ndi ululu wa bondo. "Ine sindinaphe munthu. Ndanena kamodzi, sindidzanenanso, chifukwa wopha uja akananenanso chimodzimodzi. Ndilibe china chokupatsani. Ndili ndi aka."

Nazenera ankalira tsopano, osabisa. Anawagwira malaya. Iwo anamusisita dzanja, n'kulichotsa mofatsa, n'kutolera zida zawo m'bokosi chimodzichimodzi, chilichonse pamalo pake. Kenako anatuluka m'chipindamo n'kukoka chitseko.

"Tayesani," anatero ali kunja, ndi mawu omwe ankalankhulira kwa makasitomala. "Tione ngati kakulowa bwino. Kakamalimba ndikapale pang'ono."

Iye anayang'ana kachitsuloko. Anadziuza kuti angokayesa, ntchito ya munthu isapite pachabe, kenako atsegule, atenge bulangeti lija alibweze pabedi. Anakakankha ndi chala. Kanalowa mosavuta, kuti kwe.

"Kakugwira?"

"Kakugwira."

"Chabwino."

A Maloko sanachoke. Ankawamva akupuma kuseri kwa chitseko, akusuntha phazi kuti apumitse bondo, akudikira. Dzanja la Nazenera linali pakampiringidzo pomwepo, kungokakoka basi. Ndipo ali chiimire choncho anamva chinthu chomwe chinamuchititsa manyazi kuposa chilichonse pamoyo wake: mapewa ake anali atatsika, mpweya ukulowa mpaka pansi pa chifuwa, zikope zikulemera ndi tulo.

Patapita nthawi anamva amuna ake akuwerama kutola bulangeti, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, mwendo wabwino patsogolo. Iye sanatsegule.